Kope la Msungichuma

Ine ndine wosunga kope
la chikuto chakuda, lomanga ndi mphira wa chubu.
Tsamba loyamba lili ndi banga la tiyi
ndi mayina asanu okha:
ine, Yotamu telala, Nanzunga wa matimati,
a Chimpeni opuma pa uphunzitsi,
ndi Biziwiki, amene anangothawira mvula
pakhonde la telala pa Lizulu
n'kupezeka wasayina.

Tsiku limenelo zosonkha zathu
sizinakwane thumba la makala.
Tinagula mitanda itatu ya sopo
n'kuidula ndi ulusi wa Yotamu
kuti ikwanire magadiyani a kuchipatala.
Nanzunga anati: Tikadzichititsa manyazi.
A Chimpeni anati: Manyazi sachapa nsalu, tiyeni.

Lero Loweruka.
Chisanu cha Juni chatsika m'mapiri
ndipo khonde latichepera.
Ena akhalira matumba a kachewere,
ena aima m'mbali mwa msewu
mabasi a ku Lilongwe akuwapemerera mphepo.
Takwana makumi anayi.
Ndawerenga kawiri, poti akabaza sakhazikika.

Ndisaname, si onse anadza ndi mtima umodzi.
Alipo wina wa sitolo ya feteleza,
amapereka kuposa tonsefe,
koma bulangete salitaya m'manja
foni isanaphethire.
Ndinkamuyang'ana cham'mbali.
Kenako ndinaona bulangete lakelo
litafundika mayi wogona pa simenti,
likutenthera ngati lina lililonse.
Ndimameza malovu, ndi kulemba dzina lake bwinobwino.

Alipo Faliyoti wa njinga,
yake imachokera m'sokosi,
yopinda kanayi, yonyowa thukuta la chitunda.
Alipo amayi awiri a tsidya la msewu, ku Mozambiki,
amadza ndi nyemba m'kambale.
Ndinasowa pozilemba
mpaka ndinajambula mizere yatsopano:
ndalama uku, nyemba uku,
kabichi, nkhuni,
ndi mzere wa iwo amene ali ndi manja okha.

Chaka chino takhoma malata khumi ndi awiri
pa khitchini ya magadiyani.
Atsikana atatu sanabwezedwe ku sekondale.
Tinakangananso koopsa
za mjigo ndi mlatho, chiyambe n'chiti.
Biziwiki anatinyanyala miyezi iwiri,
anabwerera osapepesa,
atatsogoza asuweni ake atatu.

Tsono m'mawa uno, ndikuti nditseke kope,
kwatulukira mayi wa mpango wofiira,
Mwandida wa kuseri kwa chigayo.
Wamasula mfundo ya chitenje ndi mano,
wayala kandalama pa bondo langa.
Ndati: Mayi, kaguleni mchere, tikudziwa za kwanu.
Wandiyang'ana osaphethira.
Wati: Kodi kope lanulo limalemba olemera okha?
Kachidutswa ka sopo kaja munandipatsa kuchipatala
ndinachapira nsalu
imene tinawaikira bambo a ana anga.
Anapita oyera.
Lembani.

Khonde lonse zii.
Ngakhale makina a Yotamu anaima pakati pa msoko.
Bolopeni inakana kulemba ndi kuzizira,
ndinaipukusa m'zikhatho,
ndinaiuzira mpweya,
maso ndikubisa kwa anyamata a kabaza.
Makumi anayi ndi mmodzi: Mwandida Ngozo.

Amati kupatsa n'kuika.
Ife sitinkadziwa kuti tikuika,
tinkangodula sopo ndi ulusi.

Masamba atsala atatu m'kope muno,
ndipo wa sitolo ya feteleza wati abweretsa mlamu wake.
Ya kope latsopano sinditapa m'thumba la gulu.
Lachitatu ndigulitsa ndowa yanga ya kachewere.
Lakaleli ndilisunga pansi pa matilesi,
ndi banga lake la tiyi.